Mbiri ya Sir Alan Cobham, woyendetsa ndeke amene analambula njira yodzera m'dziko la Zambia

M'mwezi wa Januwale caka ca 1926, anthu a ku Abercorn, kumene lero ndi ku Mbala, anaona ndeke ya injini imodzi ikuzungulira pamwamba pa boma lao ndi kutera pa bwalo la udzu. Patapita masiku owerengeka ndeke yomweyo inatera ku Ndola, kenaka ku Broken Hill, imene tsopano ichedwa Kabwe, ndipo pothera pake ku Livingstone. M'ndekemo munali anthu atatu: makaniko, wojambula zithunzi za kanema, ndi woyendetsa ndekeyo, bambo wa zaka 31 wocokera ku England, dzina lao a Alan John Cobham.

A Cobham anamwalira m'caka ca 1973, koma nkhani ya moyo wao ikhudza funso limene likali m'mitima ya anyamata ndi atsikana ambiri m'dziko muno, kuphatikizapo a ku Kaumbwe, ku Petauke ndi ku Nyimba, amene amakweza maso kumwamba pamene ndeke ikudutsa kulowera ku Mfuwe kapena ku Lilongwe. Funsolo ndi lakuti: kodi woyendetsa ndeke amapindulanji pa kampani yaing'ono yoyendera madera apafupi, ndipo kampani yaikulu yoyendera maiko akutali imampatsa ciani? A Cobham anakulira m'makampani aang'ono, anatsegulira njira kampani yaikulu, ndipo kampani yaikuluyo ndiyo inadzatenga njira imene iwo anaikhetsera thukuta.

Ubwana ndi nkhondo

A Cobham anabadwa pa 6 Meyi caka ca 1894 mu mzinda wa London. Sanacokere ku banja lolemera. Anasiya sukulu ali ndi zaka 15 ndi kuyamba nchito pa kampani ina yogulitsa zovala, ndipo anakhalakonso kanthawi pa famu, kumene anazolowera kusamala akavalo. Pamene nkhondo yoyamba ya dziko lonse inabuka m'caka ca 1914, iwo analowa m'gulu la asilikali losamala ziweto, ndipo anatumizidwa ku France kukaciritsa akavalo odwala ndi ovulala pankhondo. Munthu amene anadzachuka ndi ndeke anayamba ndi nchito imene woweta ng'ombe aliyense wa kum'mawa angaimvetse: kutsuka zilonda za nyama, kuimwetsa mankhwala ndi kuidyetsa.

M'caka ca 1917 anapempha kusamukira ku gulu la asilikali a mumlengalenga la Royal Flying Corps, limene caka cotsatira linakhala Royal Air Force. Anaphunzira kuyendetsa ndeke mofulumira kotero kuti anapatsidwa udindo wophunzitsa anzao. Koma nkhondo itatha, oyendetsa ndeke zikwi zambiri anacotsedwa usilikali nthawi imodzi, pomwe nchito za ndeke zonyamula anthu wamba zinali zowerengeka cabe.

Kuyamba ndi zocepa

M'caka ca 1919 a Cobham anagwirizana ndi abale awiri, a Fred ndi a Jack Holmes, nakhazikitsa kakampani kochedwa Berkshire Aviation Company. Cuma cao conse cinali ndeke yakale ya usilikali ya mtundu wa Avro 504. Anali kuyenda tauni ndi tauni, kupempha mwini munda kuti awalole kutera, ndi kukweza anthu kwa mphindi zocepa powalipiritsa. Pa tsiku limodzi woyendetsa anali kunyamuka ndi kutera kambirimbiri, pa malo osasalazidwa, pakati pa mitengo ndi mipanda. Ndalama sizinali kukwanira, ndipo kampaniyo inalowa m'ngongole, koma luso limene a Cobham anapeza pa nchitoyi ndilo linadzawapulumutsa m'chire la mu Africa.

Atacoka kumeneko anagwira nchito yojambula zithunzi ali mumlengalenga, ndipo m'caka ca 1921 analembedwa ndi kampani ya de Havilland kukhala woyendetsa ndeke za hayala. Anali kunyamula atolankhani, amalonda ndi aliyense wokhoza kulipira, kupita kulikonse kumene munthuyo wafuna, ku Ulaya konse mpaka kumpoto kwa Africa. Pa maulendo otere woyendetsa anali kudzifunira yekha mafuta, kudzipezera zilolezo za m'malire, kuwerenga mapu ndi kuona yekha ngati nyengo ilola kuuluka. M'caka ca 1922 anakwatira mai Gladys Lloyd, ndipo m'caka ca 1924 anapambana mpikisano wa ndeke wa King's Cup.

Caka comweco ca 1924 boma la Britain linaphatikiza makampani anai a ndeke kukhala kampani imodzi yaikulu, Imperial Airways, imene inalonjezedwa thandizo la ndalama za boma. Kampaniyi inayamba ndi mkangano. Oyendetsa ndeke anakana malipiro amene anapatsidwa ndipo ananyanyala nchito, kotero kuti maulendo amene anayenera kuyamba pa 1 Epulo anayamba kumapeto kwa mweziwo. Kuyambira pa ciyambi peni-peni zinaoneka kuti pa kampani yaikulu woyendetsa amapeza ndeke zabwino ndi nchito yokhazikika, koma amatsatira ndandanda, malamulo ndi malipiro oikidwa ndi anthu okhala m'maofesi.

Kampani yaikuluyi inafuna kufika ku India, ku Australia ndi ku South Africa, koma njira zake zinali zisanayesedwe. Pofuna munthu wokaziyesa, akuluakulu anatembenukira kwa woyendetsa ndeke za hayala uja. Kucokera mu Novembala 1924 kufika mu Marichi 1925, a Cobham ananyamula mkulu woyang'anira za ndeke za anthu wamba ku Britain, a Sir Sefton Brancker, kupita nao ku Rangoon m'dziko la Burma ndi kubwerera.

Ulendo wa ku Cape Town

Pa 16 Novembala 1925 a Cobham ananyamuka ku London ndi ndeke ya mtundu wa DH.50, pamodzi ndi makaniko wao a Arthur Elliott ndi wojambula kanema a B.W.G. Emmott. Colinga cinali kuona ngati ndeke zonyamula anthu ndi makalata zingathe kuyenda kucokera ku Cairo kufika ku Cape Town. Asananyamuke anacotsa injini imene ndekeyo inali nayo ndi kuikamo yamphamvu koposa, yochedwa Jaguar.

Cifukwa cake cinali maiko ngati lathu lino. Mbali yaikulu ya Zambia ili pamtunda wokwera mamita opitirira 1,000 kucokera pa nyanja ya mcere, ndipo Mbala ndi wokwera koposa apo. Pamalo okwera ndi otentha mpweya umakhala wopepuka, motero injini imacepa mphamvu ndipo mapiko amavutika kunyamula ndeke. Phunziroli linali litaoneka kale m'caka ca 1920, pamene a Pierre van Ryneveld ndi a Quintin Brand anadutsa ku Abercorn, ku Ndola ndi ku Livingstone ndi ndeke yochedwa Silver Queen II, imene inagwa ponyamuka ku Bulawayo cifukwa inalephera kukwera ndi katundu amene inasenza.

Mabwalo amene a Cobham anaterapo anakonzedwa m'caka ca 1919. Asilikali a Britain ndiwo anapima malo, koma amene anagwetsa mitengo, kuzula zitsa ndi kugumula zulu ndi makasu ndi nkhwangwa anali anthu akuda a m'midzi yozungulira, mazanamazana, kwa miyezi ingapo. Ulemu unapita kwa oyendetsa ndeke, koma popanda manja a makolo athuwo palibe ndeke imene ikanatera ku Ndola. Mafuta nao anali kutumizidwa pasadakhale m'zitini, pa sitima ndi pa mitu ya amtengatenga.

A Cobham anafika m'dziko muno pakati pa dzinja, nthawi ya mvula yamabingu ndi udzu wautali. Analibe wailesi yolankhulira ndi anthu apansi. Anali kutsata mitsinje, mapiri ndi njanji, ndipo kucokera ku Ndola kupita kum'mwera njanjiyo ndiyo inali mtsogoleri wao. Ku Livingstone anatsitsa ndeke pafupi ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya kuti a Emmott ajambule bwino, koma nthunzi ya madzi inalowa m'injini, imene inayamba kutsamwa ali pamwamba pa phompho. Mwa mwai injiniyo inagwiranso, ndipo anabwerera ku bwalo ali amoyo.

Anafika ku Cape Town pa 17 Febuluwale 1926, atayenda mamailosi opitirira 8,000 m'miyezi itatu. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, ndipo ndi mmenenso iwo anathera Africa, bwalo ndi bwalo. Pobwerera anapikisana ndi sitima ya pamadzi yonyamula makalata yochedwa Windsor Castle, nafika ku London pa 13 Marichi, sitimayo isanafike ku England. Za ulendowu analemba buku lochedwa My Flight to the Cape and Back.

Cisoni ndi ulemu

Pa 30 Juni caka comweco ananyamukanso ndi ndeke yomweyo, tsopano itaikidwa zoyandamira pamadzi, kupita ku Australia. Ali pakati pa Baghdad ndi Basra m'dziko la Iraq, mphepo ya mcenga inawakakamiza kuuluka pafupi ndi nthaka. Munthu wina pansi anaombera mfuti, ndipo cipolopolo cinalasa a Elliott, amene anamwalira m'cipatala ku Basra. Awa anali makaniko amene anayenda nao ku Rangoon ndi ku Cape Town, munthu amene anali kugona mocedwa akukonza injini kuti m'mawa ndeke iuluke. A Cobham anafuna kulekera pomwepo, koma analimbikitsidwa kupitiriza, ndipo msilikali wina wa Royal Air Force analowa m'malo mwa malemuwo.

Pa 1 Okutobala 1926 anatera pa mtsinje wa Thames pafupi ndi nyumba ya malamulo ya Britain, khamu la anthu likuonerera. Mfumu George yacisanu inawapatsa ulemu wa Sir.

Njira ya mu Africa ipita kwa ena

Atachuka motere, a Cobham anacoka ku de Havilland ndi kuyamba kampani yaoyao. Maso ao anali pa Africa. Mu Novembala 1927 ananyamuka ndi ndeke yaikulu yotera pamadzi ya mtundu wa Short Singapore, akazi ao ali m'gulu la apaulendo. Anatsata mtsinje wa Nile, natera pa nyanja za Victoria, Tanganyika ndi Nyasa, imene lero tiicha nyanja ya Malawi, natulukira ku Beira, nazungulira ku Cape Town ndi kubwerera kudzera kumadzulo kwa Africa m'caka ca 1928. Ulendowu unali wa mamailosi pafupifupi 20,000.

Caka comweco anagwirizana ndi kampani ya Blackburn ndi woyendetsa ndeke wina, a Tony Gladstone, amene anayesapo kale maulendo a pakati pa Khartoum ndi Kisumu. Anakhazikitsa kampani ya Cobham-Blackburn Air Lines, n'colinga coyendetsa ndeke m'njira ya pakati pa Africa. Anakambirana ndi maboma a atsamunda a m'njiramo kuti athandize ndi ndalama. Koma njira yaitali cotere sikanatheka popanda thandizo la boma la Britain, ndipo bomalo linali litasankha kale kuti ndalama zake zizipita ku Imperial Airways. Pofika caka ca 1930 kampani yaikuluyo inagula gawo la Cobham-Blackburn, ndipo njira yonse inakhala yake. Amene analambula munda sanakolole. A Gladstone anamwalira pa ngozi ya ndeke ku mapiri a Drakensberg m'caka ca 1931, maulendo a ku Cape Town asanayambe.

Pali nkhani ina ya nthawi imeneyi imene inathera m'dziko muno. M'caka ca 1929 a Cobham anazungulira matauni a ku Britain ndi ndeke ya mtundu wa DH.61 yochedwa Youth of Britain, kulimbikitsa makhonsolo kumanga mabwalo a ndeke, ndipo ana a sukulu 10,000 anakwera ndekeyo mwaulere. Kumapeto kwa cakaco anaiyendetsa mpaka ku Salisbury, lero Harare, ndi kuipereka kwa Imperial Airways kuti aiyendere poona mabwalo a m'njira. Mu Januwale 1930, ili m'manja mwa eni ake atsopano, ndekeyo inaonongeka pa ngozi ku Broken Hill.

Imperial Airways inayamba maulendo a mlungu ndi mlungu pakati pa London ndi Cape Town mu Januwale 1932, kudzera ku Mbeya, ku Mpika, ku Broken Hill ndi ku Salisbury. Dzinja la kuno linawalandira mwankhanza, pakuti imodzi ya ndeke zoyamba zopita kumpoto inakakamizika kutera m'dambo pafupi ndi Broken Hill.

Amene anafika kum'mawa ndi makampani aang'ono

Ndeke za kampani yaikulu zinali kutsata njira imodzi yokha. Dera la kum'mawa, kutsidya kwa Luangwa, linali kunja kwa njirayo. Masiku amenewo Fort Jameson, imene tsopano ndi Chipata, inali kufikika mosavuta kudzera ku Nyasaland kusiyana ndi kudzera ku njanji, ndipo mlatho woyamba wa pa Luangwa pa msewu wa Great East unamangidwa m'zaka za m'ma 1930.

Mpata umenewu unadzazidwa ndi makampani aang'ono. M'caka ca 1929 ku Bulawayo kunakhazikitsidwa Rhodesian Aviation Company, imene inali pa ubale ndi Cobham-Blackburn, ndipo inali kuyendetsa tindeke ting'onoting'ono pakati pa Bulawayo, Livingstone ndi Ndola. Ku Blantyre a C.J. Christowitz anayamba kampani yao m'caka ca 1931. Makampani awiriwa anadzalowa mu Rhodesia and Nyasaland Airways, imene inakhazikitsidwa m'caka ca 1933, ndipo Imperial Airways inali ndi masheya m'menemo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 ndeke za kampaniyi zinali kufika ku Lilongwe ndi ku Fort Jameson.

M'caka ca 1937 Imperial Airways inasamutsira maulendo ake ku ndeke zotera pamadzi, zodzera m'mphepete mwa nyanja ya mcere ku Mombasa, ku Beira mpaka ku Durban. Dziko lino linatsala pambali. Makalata ndi apaulendo a kuno anadalira Wilson Airways ya ku Kenya, imene inali kucokera ku Kisumu kufika ku Lusaka, ndi Rhodesia and Nyasaland Airways, imene inali kukumana ndi ndeke zazikuluzo ku Beira. Apa panaoneka poyera kuti kampani yaikulu imasintha njira malinga ndi phindu lake, ndipo kampani ya m'dera ndiyo imatsala ndi anthu.

Kubwerera ku minda

Atataya njira ya mu Africa, a Cobham anabwerera ku nchito imene anayamba nayo, koma mokulirapo. Kucokera m'caka ca 1932 kufika 1935 anayendetsa cionetsero ca ndeke cochedwa National Aviation Day, cimene cinali kusamuka tauni ndi tauni pafupifupi tsiku lililonse. Cinafikanso ku South Africa kumapeto kwa 1932 ndi kuciyambi kwa 1933. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi anakwera ndeke kudzera m'cionetseroci, ambiri a iwo kwa nthawi yoyamba, ndipo anyamata ambiri amene anadzayendetsa ndeke pa nkhondo yaciwiri anayambira pamenepo kuikonda nchitoyi. Oyendetsa ndeke ena a m'gululi, monga a Geoffrey Tyson ndi a Charles Turner-Hughes, anadzakhala akatswiri oyesa ndeke zatsopano m'makampani opanga ndeke.

Anayesanso kampani yoyendera madera apafupi. M'caka ca 1935 Cobham Air Routes inayamba maulendo a pakati pa England ndi cisumbu ca Guernsey. Patangopita miyezi iwiri ndeke imodzi inagwera m'nyanja ndipo woyendetsa wake anamwalira. Pambuyo pake kampaniyo inagulitsidwa. Kampani yaikulu ikataya ndeke imodzi imatsala ndi zina zambiri, koma yaing'ono ngozi imodzi ikhoza kuitsekeratu, oyendetsa ake n'kutsala opanda nchito.

Kuthira mafuta mumlengalenga

Vuto limene linawasautsa pa maulendo ao onse linali la kulemera kwa mafuta. Ndeke ikasenza mafuta ambiri imalephera kunyamula anthu ndi katundu, ndiponso imavutika kunyamuka, monga anaonera pa mabwalo okwera a kuno. Iwo anaganiza kuti ndeke izinyamuka yopepuka, kenaka ina iithire mafuta kudzera m'paipi zonse ziwiri zikuuluka. M'caka ca 1934 anakhazikitsa kampani ya Flight Refuelling. Mu Seputembala cakaco anayesa kupita ku India osatera, koma ndeke inavuta ndipo anatera ku Malta, pomwe imodzi ya ndeke zothira mafuta inagwa ku England ndi kupha anthu anai.

Sanaleke. M'caka ca 1939 ndeke za Imperial Airways zonyamula makalata kuoloka nyanja ya Atlantic zinali kuthiridwa mafuta mumlengalenga ndi kampani ya a Cobham. Kampani yaikulu imene inawalanda njira ya mu Africa inafunanso luso lao. M'zaka za 1948 ndi 1949 ndeke zao zinanyamula mafuta kupita ku mzinda wa Berlin pamene misewu ndi njanji zolowera kumeneko zinatsekedwa. M'caka ca 1949 akatswiri ao anapanga njira yatsopano yolumikizira paipi, imene inathandiza ndeke ya nkhondo ya mtundu wa Meteor kukhala mumlengalenga maola 12 osatera. Njira imeneyi ikali kugwiritsidwa nchito ndi magulu a nkhondo a maiko ambiri.

Mai Cobham anamwalira m'caka ca 1961. M'caka ca 1969 a Cobham anasiyira kampani mwana wao a Michael ndi kukapuma ku zisumbu za British Virgin Islands. Anabwerera ku England, kumene anamwalira pa 21 Okutobala 1973 ali ndi zaka 79. Buku la mbiri ya moyo wao, A Time to Fly, linasindikizidwa m'caka ca 1978.

Zimene zinatsatira m'dziko la Zambia

Zimene a Cobham anakumana nazo zinabwerezeka kuno. M'caka ca 1946 maiko atatu a Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland anakhazikitsa Central African Airways, imene tindeke take ta mtundu wa Beaver tinali kufika ku maboma akutali. M'caka ca 1952 ndeke ya Comet ya kampani ya BOAC, yoyamba ya jeti kunyamula apaulendo pa dziko lonse, inali kutera ku Livingstone popita ku Johannesburg, m'njira yomwe ija a Cobham anayesa ndi injini imodzi.

Zambia Airways inakhazikitsidwa m'caka ca 1964 ndipo inaima payokha m'caka ca 1967. Inali ndi nchito ziwiri: kufika ku Chipata, ku Mfuwe, ku Mansa ndi ku Kasama ndi ndeke zazing'ono monga HS 748, ndi kufika ku London ndi ndeke zazikulu monga DC-10 yochedwa Nkwazi, imene inabwera m'caka ca 1984. Woyendetsa wa ciZambia anali kukhoza kuyamba ndi maulendo a m'dziko muno ndi kukwera pang'onopang'ono mpaka ku ndeke zazikulu, osacoka pa kampani imodzi. Pamene kampaniyi inatsekedwa mu Disembala 1994, makwerero amenewo anathyoka, ndipo oyendetsa ndeke ambiri anakafuna nchito ku maiko ena.

Amene anasunga maulendo a m'dziko muno anali makampani aang'ono. Proflight inayambitsidwa m'caka ca 1991 ndi a Tony Irwin, amene kale anali woyendetsa ndeke wa Zambia Airways, ndipo inayamba ndi ndeke za hayala. Roan Air, imene inayamba ngati kampani ya ndeke za migodi ndipo pambuyo pake inachedwa Zambian Airways, ndi kumene anagwirako nchito mai Yichida Ndlovu, mzimai woyamba m'dziko muno kuyendetsa ndeke za anthu wamba, asanapite ku bungwe la Zambia Flying Doctor Service. Zambian Airways inaleka maulendo mu Januwale 2009. British Airways inasiya kubwera ku Lusaka m'caka ca 2013, ndipo dzina la Zambia Airways linauka mu Disembala 2021 mogwirizana ndi Ethiopian Airlines.

Phunziro kwa acinyamata

Malamulo a za ndeke lero ndi okhwima kusiyana ndi masiku a a Cobham. Munthu amalandira laisensi yoyendetsa ndeke pa malipiro akakwanitsa maola pafupifupi 200 a kuuluka, koma kuti akhale kaputeni wa ndeke yaikulu yonyamula anthu afunika maola 1,500. Maola a pakatiwo ambiri amawapeza pa ndeke zazing'ono: kunyamula alendo kupita ku malo osungirako nyama a ku Luangwa ndi ku Zambezi, kunyamula odwala, kuphunzitsa ena, kapena kukhala waciwiri kwa kaputeni pa maulendo a ku Ndola, ku Solwezi ndi ku Mfuwe.

Pa nchito zotere malipiro ndi ocepa ndipo kampani ikhoza kugwa. Koma woyendetsa amatera kangapo pa tsiku, pa mabwalo a dothi onga la ku Petauke, amaphunzira kuwerenga mitambo ya dzinja, ndipo amazolowera kudzigamulira yekha zocita. Pa kampani yaikulu amapeza malipiro okwera, ndeke zamakono ndi maphunziro obwerezabwereza, koma amakhala masiku ambiri kutali ndi banja, amadikira zaka kuti akwezedwe, ndipo nthawi zambiri amakhala ku dziko la eni.

A Cobham anaziona mbali zonse ziwiri. Luso limene linawafikitsa ku Cape Town analipeza m'minda ya ku England pokweza anthu kwa mphindi zocepa, ndipo kampani yaikulu ya m'nthawi yao inadalira luso limenelo kawiri konse. Ndeke zikuluzikulu zimene zimatera pa bwalo la Kenneth Kaunda ku Lusaka zimalumikiza Zambia ndi dziko lonse, koma wodwala wa ku mudzi wakutali ndi mlendo wopita ku Mfuwe akali kudalira ndeke yaing'ono ndi munthu woiyendetsa. Mwana wa ku Kaumbwe amene afuna nchito imeneyi, akalimbikira masamu, sayansi ndi Cingelezi, asanyoze kuyambira pa kandeke ka injini imodzi, pakuti Sir Alan Cobham nayenso anayambira pomwepo.